Funso Limene Linasowa Papepala

Mutu 6

1. Mlendo wa mapepala

Chaka chimene anthu a ku Mozambiki anayamba kubwerera kwawo, kwa Mlolo kunalibe nkhani ina koma ya ulendo. Pachitsime nkhani inali ulendo, kuchigayo ulendo, ngakhale pamaliro anthu ankanong'onezana za ulendo womwewo. Nkhondo inali itatha, ndipo amene anapita kukazonda anabwerako ndi mawu akuti nyumba zinapsa koma mitengo ya mango ikadalipo.

Joana anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali mu giredi 9. Analowa m'Zambia ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atagwira dzanja la amalume ake a Yoweli, atate ake a Manuele atanyamulidwa pamachila. Amayi ake sanabwere nawo. Anatsala kwawo ku Matenje, pansi pa mkuyu, m'manda okumbidwa mothamanga.

Bomba limene linapha amayi ake ndi lomwe linaponya kachitsulo m'bondo lamanzere la atate ake. Bala linapola, koma bondo linauma. A Manuele anali munthu wosavomera kuti akudwala. Ndodo yawo ya nsungwi ankati ndi yoopsezera agalu, ngakhale kuti galu wa pakhomopo anali nkhalamba yosauwa n'komwe.

Akaweruka kudimba ankakhala pampando wa ndalema n'kumayang'ana mapiri a kumwera. Joana anali ataloweza kale mawu amene ankatsatira.

"Tsiku limene amayi ako anaikidwa ine ndinali gone pamachila, osadziwa kanthu," ankatero. "Sindinaponyeko ngakhale kadothi. Ndikakafika, ndikagwada kumutu kwa manda, ndikazula udzu ndi manja angawa, ndikawauza kuti mwana uja anakula, akuwerenga Chingerezi. Zikatero, imfa ibwere tsiku limene ikufuna."

Joana naye ankalakalaka ku Matenje, ngakhale kuti nkhope ya amayi ake inali itayamba kumuthawa. Chimene ankakumbukira bwino chinali fungo la mpango wawo.

Pa holide ya mwezi wa Ogasiti, pakiliniki ya m'deralo panafika galimoto yochokera ku Chipata. Munatsika mayi wachimwenye, wamfupi, atakumbatira katoni ya mapepala. Anthu anadabwa, pakuti iwo ankadziwa kuti mmwenye malo ake ndi kuseri kwa kauntala, kuyeza nsalu. Anadabwanso kawiri atamva mayiyo akupereka moni m'Chichewa chopanda chilema.

Dzina lawo linali Sisita Zubeda, obadwira ku Chipata komweko. Ntchito yawo inali yowongola ndi kulimbitsa miyendo ndi manja a anthu ovulala, ntchito imene kuchipatala amaitcha fizo. Anapempha ahedi a pasukulu kuti awapatse ana atatu odziwa kuwerenga bwino, ndipo dzina la Joana linali loyamba.

"Pepala ili linalembedwa m'Chingerezi, kutali," anawafotokozera anawo. "Lili ndi mafunso makumi awiri, onse a miyendo. Mphunzitsi wina analitembenuza m'Chichewa. Kenaka tinapatsa munthu wina amene sanaonepo la Chingerezi lija kuti alibwezere m'Chingerezi, tione ngati tanthauzo silinatayike panjira. Pamenepo tinakhoza. Koma sikelo yatsopano suyamba kugulitsira nyama usanaiyese. Ndikufuna ndione ngati pepalali limanena zoona za miyendo ya anthu a kuno."

Funso lililonse linali ndi mayankho anayi: sizindivuta, zimandivuta pang'ono, zimandivuta kwambiri, sindingathe. Ntchito ya anawo inali kuwerengera odwala mafunso ndi kuchonga chimene munthu wayankha.

2. Mayankho a atate

A Manuele anali pamndandanda wa anthu ovutika miyendo, koma anakana kupita kukiliniki. Anati ngati pali zofunsa, awafunse mwana wawo pakhomo pawo. Sisita Zubeda atabwera kudzawapatsa moni, iwo anadzuka kuwalandira, nayenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe akukoka mwendo. Mlendoyo anaona zimenezo. Anasiyira Joana pepala n'kupita.

Joana anakhala pamphasa n'kuyamba. "Atate, kodi zimakuvutani kukwera masitepe khumi?"

"Masitepe sanandivutepo," anayankha. Apa sananame, chifukwa kwa Mlolo konse masitepe analipo awiri okha, a pakhomo la tchalitchi.

"Kulowa ndi kutuluka m'bafa losambiramo?"

"Anthu amenewo amalowa m'beseni ndi miyendo yomwe? Lemba kuti sizindivuta."

Anaseka onse awiri. Koma atafika pa mafunso a kuyenda mtunda wautali, kuima ola lathunthu ndi kuthamanga, yankho linali lomwelo. Joana anaimitsa pensulo.

"Atate, dzana pochokera kuchigayo munapuma kanayi."

"Ndinkacheza ndi anthu."

"Munali nokha."

A Manuele anatsamira ndodo yawo, nayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Tamvera, mwana wanga. Iwe pepala umalidziwira kusukulu, kumene limakupatsa mamalikisi. Ine ndimalidziwira kwina. Kwathu kunabwera anthu ndi pepala, amati akulemba mayina a olandira mbewu. Tinalembetsa mokondwa. Patapita miyezi iwiri pepala lomwelo linabwera m'manja mwa anthu a mfuti, akuitana mayina mmodzimmodzi. Munthu ukamuuza chinthu amaiwala, kapena amakumvera chisoni. Pepala siliiwala ndipo lilibe chisoni. Amalume ako anena kale kuti ulendo woyamba ndi wa anthu a miyendo yolimba. Pepala ili likangonena kuti Manuele sangayende, mawa lidzapezeka m'manja mwa wina, ndipo ine ndidzatsala kuno ngati chitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndadikira. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Usanditsekere njira ndi dzanja lako lomwe. Lemba zimene ndakuuza."

Joana analemba. Anachonga "sizindivuta" kuyambira funso loyamba mpaka la makumi awiri, ndipo mzere wa zochongazo unatsika mowongoka bwino. Mtima wake sunakondwe nawo mzerewo.

3. Mitengo iwiri

Kuseri kwa kiliniki kunali mitengo iwiri ya bulugamu yoyang'anana. Aliyense amene wayankha mafunso, Sisita Zubeda ankamuyendetsa kuchoka pamtengo wina kufika pa unzake, iwo atagwira wotchi. Kenaka ankayerekeza zimene wotchi yanena ndi zimene pepala lanena. Anati zikagwirizana ndiye kuti pepalalo lili ndi maso.

Lachisanu masana, anzake a Joana awiri aja atapita, Sisita Zubeda anamuitana. Pathebulo panali pepala la a Manuele.

"Pepala ili likunena za munthu amene angathamangitse mbuzi n'kuigwira," anatero. "Koma ine ndinaona bambo amene anavutika kufika pankhokwe."

Joana anayang'ana pansi.

"Sindikufunsa kuti walakwa ndani. Ndikufuna udziwe chimene pepalali lidzachite likadzavomerezedwa. Ife a fizo tilipo ochepa, odwala ndi ambirimbiri. Sitingafike mudzi uliwonse. Anamwino adzawerengera anthu mafunsowa, ndipo amene mayankho awo aonetsa kuti akuvutika kwambiri ndiwo tidzayambe kuwaitana. Munthu amene pepala lake lati ali bwino, palibe adzamufune. Ndiye tsopano ndili pamphambano. Ngati atate ako anayankha zoona monga anamvera, ndiye kuti mafunso angawa ndi akhungu, ndiwataye, ntchito ya chaka chonse ithere pomwepo. Ngati mafunso ali bwino koma mayankho ndiwo anapindika, ndiye kuti pepalali likundinamiza, ndipo lidzanamiza onse obwera pambuyo panga. Bodza la papepala silikhala la munthu mmodzi, mwanawe. Limadya ndi ena amene sanalinene."

Sisita Zubeda anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango.

"Mafunso ena ndaona kale kuti ndi olakwika. Za masitepe ndi mabafa tichotsa, tiikemo za kuno. Phunziro limeneli ndinaliphunzira pa agogo anga. Ndisanayambe la Chichewa ndinatembenuza pepala lomweli m'Chigujarati, chilankhulo cha makolo anga, chifukwa nkhalamba zathu ku Chipata Chingerezi sizichimva. Agogo anayankha bwinobwino, pepala linati miyendo yawo ilibe vuto lalikulu. Koma tsiku lililonse ndinkawapeza akulira. Anali atalephera kupinda miyendo pamkeka wopempherera, ankapemphera atakhala pampando ngati mlendo. Pepala la Chingerezi lija silinafunse zimenezo, chifukwa amene analilemba analibe nazo ntchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene munthu akuchisowa kwambiri amachidziwa ndi mwini wake, ndi iwo amene amakhala naye."

Anabwezera pepala lija m'katoni. "Ndibweranso pakatha masabata awiri. Ukakhala ndi chondiuza, udzandipeza pano."

Joana anatsanzika. Panjira anakumbukira kuti kutchalitchi atate ake ankakhala benchi yakumbuyo kwenikweni, ndipo nthawi yogwada ikakwana ankatuluka panja, amati mkati mwatentha.

4. Njira ya ku Matenje

Lamlungu lotsatira a Yoweli anasonkhanitsa mabanja asanu ndi atatu amene ankakonzeka kunyamuka. Iwo ndiwo anali atapitako kukazonda, choncho mawu awo analemera. Joana anakhala kumbali ya azimayi n'kumamvetsera.

"Abale anga, ndinene poyera kuti pasadzakhale wondida," anayamba. "Galimoto ikatitula pamalire, kwatsalako ndi masiku atatu a miyendo. Msewu uja munkaudziwa kulibe, unamera mitengo. Kuli kanjira kamodzi kamene anthu apondapo kale, ndipo tidzayenda mondondozana, phazi pa phazi la mnzako. M'mbali mwa kanjirako mabomba akadali m'nthaka, akudikira. Ukatopa sungapatuke kuti ukakhale pamthunzi. Ukapsa mtima sungadutse mnzako. Mitsinje iwiri tidzawoloka paulalo wa mtengo umodzi. Munthu mmodzi akagwa, tonse taima padzuwa, ndi ana, ndi madzi ochepa. Ndiye amene akudziwa kuti thupi lake silingathe, asachite manyazi. Adikire chaka chamawa njira ikatseguka. Manda sathawa."

Ponena mawu otsirizawo sanayang'ane mlamu wawo, koma aliyense anadziwa kumene mawuwo ankapita.

"Alamu, musavutike," anatero a Manuele. "A chipatala andifunsa kale mafunso awo, ndipo pepala lawo likuti ndili bwino. Joana ndiye mboni, analemba yekha."

A Yoweli anatembenukira kwa Joana. "N'zoona?"

"Ndinalemba ndine," anayankha motsitsa mawu.

"Basi, ngati achipatala atero, ine ndine yani."

Apa Joana anaona chimene anachita. Pepala limene atate ake ankaliopa kuti liwatsekera njira ndi lomwe linawatsegulira, ndipo njirayo inali ya mabomba.

M'mawa mwake anadzuka n'kupeza mpando wa ndalema uli wokha, thumba la mtedza kulibe, ndodo itatsamira khoma. Anatsata mapazi mpaka kudambo. Anaona atate ake patali atasenza thumba paphewa, akuyenda pamzere wa dimba, phazi patsogolo pa linzake, kuyeserera ulendo. Anayenda mapazi makumi atatu. Kenaka mwendo wouma uja unakodwa m'udzu, ndipo anagwera kumbali, thumba uko, chipewa uko.

Joana anabisala kuseri kwa nthochi. Anawaona akuyesa kudzuka kawiri, kachitatu n'kukwawira pachitsa kuti agwirire. Ataimirira anayeza ndi maso pamene anagwera. Panali mapazi awiri kuchoka pamzere.

Sanapite kukawathandiza, chifukwa anadziwa kuti manyazi akanawapweteka kuposa bondo. Anabwerera kunyumba akulira, nakoleza moto wa phala.

5. Joana alankhula

Tsiku limene galimoto ya ku Chipata inabweranso, Joana anafika pakiliniki anzake asanafike.

"A Sisita, mafunso anu si akhungu," anatero asanakhale n'komwe. "Atate anandiuza zolemba, ine n'kulemba ndikudziwa kuti si zoona. Ndalakwa."

Anafotokoza zonse: za pepala la mbewu, za ulendo, za kudambo. Sisita Zubeda anamvetsera osamudula.

"Wachita bwino kubwera," anatero. "Koma ine sindingafufute mayankho a atate ako n'kulembapo ako. Pepalali limafuna mawu a mwini mwendo. Ndiponso sindingapite kwa amalume ako kukaulula za wodwala wanga. Zimene munthu wandiuza zimatsala ndi ine. Angasinthe ndi iwo okha."

"Kodi bondo lawo lingapindikenso?"

"Sindinaligwire, ndiye sindilonjeza. Koma ndaonapo maondo ouma zaka zambiri akufewa. Pamafunika miyezi itatu kapena inayi, tsiku ndi tsiku, ndipo zimawawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Joana anawerenga miyeziyo pa zala. Inathera pakati pa dzinja, mitsinje itadzaza. Ndiye kuti ulendo wa chaka chino ukanawapita.

Sisita Zubeda anatulutsa mapepala atsopano. Masitepe anali atachoka, m'malo mwake munali kukwera ngolo. Bafa linachoka, munalowa kuwoloka paulalo. Munalinso kupalira, kupalasa njinga ndi kusenza mtolo wa nkhuni. Joana anawerenga mpaka pansi.

"Likusowa limodzi," anatero.

"Liti?"

"Kugwada. Kuno munthu amagwada popereka madzi kwa akulu, amagwada kwa apongozi, amagwada kutchalitchi. Amagwadanso pamanda."

Sisita Zubeda anamuyang'ana, kenaka anamupatsa bolopeni. "Lemba wekha mmene anthu a kuno angalimvere. Ndikalionetsa anzanga ku Chipata. Akalivomera, tidzafunsa aliyense kawiri, masabata awiri pakati, tione ngati mayankho sasinthasintha. Koma lero kaliyese."

Joana analemba funsolo pansi pa enawo ndi dzanja lake. Zilembo zake zinapendekeka pang'ono.

6. Pamphasa

Joana anawapeza atate ake pakhonde akusoka lamba wa thumba la ulendo. Dzuwa linali litapendeka. Anayala mphasa n'kukhala, pepala pamiyendo.

"Atate, ndawauza a Sisita kuti zimene ndinalemba zija sizinali zoona."

Singano inaima. "Wandigulitsa kwa mlendo."

"Amalume sindinawauze, ndipo a Sisita akuti sangawauze. Mukafuna kupita mupita. Koma mafunso awakonza, ndipo ndikupempha ndikuwerengereninso."

"Werenga. Mayankho anga ukuwadziwa kale."

Joana anayambadi. Kukwera ngolo, sizindivuta. Kupalira, sizindivuta. Kuwoloka paulalo, sizindivuta. A Manuele ankayankha maso ali pa lamba wawo, mawu ali ouma, ndipo Joana ankachonga chimene anena osatsutsa. Atafika pansi anapuma kaye.

"Latsala limodzi. Ili ndalemba ndine." Anaika chala pa funsolo. "Kodi mungathe kugwada pansi ndi maondo onse awiri, monga popemphera kapena pamanda?"

A Manuele anatsegula pakamwa, koma yankho lija silinatuluke. Nkhuku zinadutsa pabwalo. Kutali wina ankasinja.

"Funso limenelo si la achipatala," anatero potsiriza.

"Ndi langa, atate. Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza chimene mukachite mukakafika. Simunanenepo kuti mukaimirira."

A Manuele anaika thumba pambali. Anagwira mzati wa khonde, natsikira pamphasa, Joana n'kusendera kuti awapatse malo. Bondo lamanja linafika pansi bwinobwino. Lamanzere linapindika pang'ono n'kukana. Analikankha ndi dzanja, thukuta lili kamukamu pamphumi, mano atalumana. Linakanabe. Mwendo unatsala tambalale kumbali, ndipo iwo anagwira pansi ndi zikhatho kuti asagwe chafufumimba.

Anakhala choncho kanthawi, akupumira m'mwamba. Joana sanawagwire.

"Ndinkati ndikakafika pamandapo lidzavomera lokha," anatero motsitsa. "Ndinkati likadzaona pamene agona lidzachita manyazi."

"A Sisita akuti mwina lingafewe. Miyezi itatu kapena inayi. Sakulonjeza."

"Ndiye kuti chaka chino chapita."

"Chapita, atate."

A Manuele anatembenuka n'kukhala pansi, nayang'ana mapiri a kumwera. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Joana anali asanawaonepo akulira, ngakhale pamachila paja.

"Amayi ako andidikira zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Sindingapite kukawaimirira pamutu ngati wapolisi. Lemba kuti sindingathe."

Joana anachonga.

"Tsopano bwerera pamwamba. Yambiranso funso loyamba, ufunse bwino."

Joana anafufuta mzere wowongoka uja n'kuyambiranso. Ulendo uno zochonga zinamwazikana pepala lonse, ndipo zinatenga nthawi, chifukwa funso lililonse a Manuele ankayamba aliganizira. Pa kupalasa njinga anakangana pang'ono, iwo akuti pang'ono, Joana akuti kwambiri, koma analemba mawu a mwini mwendo.

Akumaliza, njinga inalira belu kumpanda. Anali a Yoweli, fumbi lili mbuu m'miyendo.

"Alamu, galimoto yapezeka. Tinyamuka Lolemba likubwerali. Konzekani."

"Khalani pansi, alamu," anatero a Manuele. "Ine sindipita nawo. Pepala lija linanama, ndipo ndinalinamiza ndine. Mwanayu alibe mlandu."

A Yoweli anavula chipewa, nakhala pampando wa ndalema. Anaoneka ngati munthu amene watula katundu.

"Koma udzu wa pamanda uja sungadikirenso dzinja lina," anapitiriza a Manuele. Anatola thumba la ulendo lija, nayesa lamba ngati walimba, n'kuliika pamiyendo ya mwana wawo, pamwamba pa pepala. "M'nyumba muno muli maondo awiri abwino. Joana apita nanu. Akagwade m'malo mwanga, akawauze amayi ake kuti ndikubwera."

Joana anagwira thumbalo ndi manja awiri. Ku Matenje ankakufuna ndi mtima wake wonse. Koma pachingwe, kumbuyo kwa pamene amalume ake anakhala, panali yunifomu yake imene anachapa m'mawa, ndipo mayeso a giredi 9 anali atatsala masabata asanu ndi awiri. Mwa anthu onse onyamuka Lolemba, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza zobwereranso.